Funsani Tikuyankheni: Makemikolo a mu Siponji za M'nyanja Yamchere

Makalata amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya makemikolo amene amapezeka m'matupi a siponji za m'nyanja yamchere, ndi mankhwala a kuchipatala amene chiyambi chake ndi makemikolo amenewa. Mafunso ena tawafupikitsa, koma mfundo ya mwini funso taisunga.

FUNSO: Aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti mankhwala ena a khansa anachokera ku siponji. Ine siponji imene ndikuidziwa ndi yotsukira mbale, kapena chinkhupule chosambira. Kodi zinthu zimenezi zingatulutse bwanji mankhwala?
Wophunzira wa Fomu 4, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi anu ananena zoona, koma siponji imene ankanena si ya kukhitchini ija. Yotsukira mbale imapangidwa ku fakitale, kawirikawiri kuchokera ku pulasitiki, ndipo chinkhupule ndi chipatso chouma cha chomera choyanga cha m'banja limodzi ndi maungu ndi nkhaka. Siponji ya m'nyanja ndi nyama, ngakhale kuti ilibe mutu, mtima, ubongo kapena matumbo, ndipo ikangokhazikika pathanthwe pansi pa madzi imakhala pomwepo moyo wake wonse. Asayansi amaika nyama zimenezi m'gulu lotchedwa Porifera, ndipo mitundu imene inalembedwa kale ikupitirira 9,000.

Kadyedwe ka siponji ndi kamene kamathandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Thupi lake lili ndi timabowo tosawerengeka timene madzi amalowera, ndipo m'kati muli maselo okhala ndi kamchira kamene kamagwedezeka kosalekeza n'kumakankha madziwo mpaka akatulukire pa bowo lalikulu. Madzi akamadutsa, maselowo amakola mabakiteriya ndi tinyenyeswa tina timene ndi chakudya chake. Siponji yolemera kilogalamu imodzi ikhoza kusefa malita masauzande ambiri pa tsiku, kutanthauza kuti tsiku lililonse imalowetsa m'thupi mwake tizilombo tochuluka, tina mwa ito toyambitsa matenda.

Tsono taganizirani cholengedwa chofewa chotere, chimene sichingathawe nsomba yofuna kuchidya, chilibe mano kapena chigoba, chimalimbirana malo ndi makorali ndi ndere zofuna kuchimerera pamwamba, komanso chimamwa tizilombo usana ndi usiku. Chimene chimadalira kwambiri kuti chikhale ndi moyo ndi makemikolo. Ena ndi owawa moti nsomba ikangolawa imalavula, ena ndi poizoni weniweni, ena amapha mabakiteriya ndi mafangasi, ndipo ena amaletsa zamoyo zina kumera pa khungu lake. Ku Nyanja Yofiira kuli siponji yofiira yotchedwa Negombata magnifica imene imakhala poyera popanda nsomba zoivutitsa, ndipo ikafinyidwa imatulutsa madzi amene amatha kupha nsomba zazing'ono. Poizoni wake, wotchedwa latrunculin, anafotokozedwa mu 1980 ndi gulu la Yoel Kashman wa ku Tel Aviv, ndipo lero amagwiritsidwa ntchito m'malabotale ambiri pophunzira mmene selo limasinthira kaonekedwe kake ndi mmene limayendera. Ku Nyanja ya Mediterranean kuli ina yachikasu, Aplysina aerophoba, imene imada bii ikangotulutsidwa m'madzi, ndipo makemikolo ake odzitetezera amapangidwa ndi bromine wotengedwa m'madzi amchere.

Kugwirizana kwake ndi khansa n'kwakuti khansa ndi maselo amene akugawikana mosalamulirika. Kemikolo imene imaletsa maselo a mdani wa siponji kugawikana ikhozanso kuletsa maselo a chotupa. N'chifukwa chake ofufuza amakonda siponji kuposa zamoyo zina zambiri za m'nyanja, ndipo chaka chilichonse amafotokoza makemikolo atsopano pafupifupi 200 ochokera kwa nyama zimenezi.

FUNSO: Ndagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri ndipo ndimamvamva za mankhwala ochokera m'nyanja. Kodi alipo mankhwala enieni amene madokotala amalembera odwala lero amene chiyambi chake ndi siponji, kapena zonsezi zikadali mu labotale?
Mayi wina, namwino, Blantyre

YANKHO: Alipo, Mayi, ndipo amodzi mwa iwo n'kutheka kuti munawagwirapo ndi manja anu. Koma ndi ochepa kwambiri tikayerekeza ndi makemikolo masauzande amene anapezeka, ndipo palibe ndi amodzi omwe amene amafinyidwa kuchokera ku siponji n'kuthiridwa m'botolo. Chimene siponji inapereka ndi chitsanzo cha kapangidwe ka kemikolo, ndipo mankhwala enieniwo anapangidwa ndi anthu mu labotale potengera chitsanzocho.

Nkhani yake inayamba cha mu 1950 ndi 1951, pamene Werner Bergmann wa ku yunivesite ya Yale ku America ndi mnzake Robert Feeney anafotokoza makemikolo achilendo amene anawapeza mu siponji ya m'madzi osaya a ku Florida ndi ku Caribbean, imene lero imatchedwa Tectitethya crypta. Yoyamba anaitcha spongothymidine, ndipo ina yofanana nayo, spongouridine, inafotokozedwa mu 1955. Chodabwitsa chake chinali chakuti ankafanana kwambiri ndi tizidutswa timene selo limagwiritsa ntchito popanga DNA ndi RNA, zimene zimasunga ndi kunyamula malangizo a chibadwa, koma shuga wa m'kati mwake anali wamtundu wina, wotchedwa arabinose. Isanafike nthawi imeneyo, ofufuza ambiri ankaganiza kuti munthu akafuna kupanga mankhwala ofanana ndi tizidutswa timeneti ayenera kusintha mbali ina ya kadutswako, koma shugayo amusiye mmene alili. Siponji ija inaonetsa kuti ngakhale shugayo akhoza kusinthidwa.

Mu 1959 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley anapanga kemikolo ya m'banja lomweli yotchedwa cytarabine, imene ena amaidziwa kuti Ara-C. Kampani ya Upjohn inaipititsa patsogolo, ndipo mu 1969 bungwe la FDA, limene limavomereza mankhwala ku America, linalola kuti izigwiritsidwa ntchito pa khansa ya m'magazi. Kagwiridwe kake ka ntchito tingakayerekeze ndi mmisiri womanga khoma amene wapatsidwa njerwa yooneka ngati zinzake koma yopindika pang'ono. Akangoiyala pakhomapo, njerwa yotsatira siikhala bwino ndipo ntchito yomanga imaima. Selo la khansa likamakopera DNA yake kuti ligawikane limatenga cytarabine ngati kadutswa kenikeni, kukopera kuja kumalephereka, ndipo selolo limafa. Popeza maselo abwinobwino a m'mafupa, a m'kamwa ndi a m'matumbo nawonso amagawikana msangamsanga, mankhwalawa amawakhudzanso, ndipo ichi ndicho chifukwa chake wodwala amachepa magazi, amatuluka zilonda m'kamwa ndiponso amagwidwa matenda ena mosavuta. Njira yopereka cytarabine kwa masiku 7 pamodzi ndi daunorubicin kwa masiku 3 inafotokozedwa mu 1973, ndipo mpaka lero ikadali maziko a chithandizo cha khansa ya m'magazi yotchedwa acute myeloid leukaemia. Cytarabine ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO. Mnzake wa m'banja lomwelo, vidarabine, anavomerezedwa mu 1976 pochiza matenda a herpes, makamaka a m'maso, ngakhale kuti pambuyo pake acyclovir anamulowa m'malo chifukwa ndi wosavuta kugwiritsa ntchito.

Nkhani yachiwiri ndi imene ine ndimaiona kuti ikuonetsa bwino kukula kwa ntchito imeneyi. Mu 1986 asayansi awiri a ku Japan, Yoshimasa Hirata ndi Daisuke Uemura, anafotokoza kemikolo yotchedwa halichondrin B kuchokera ku siponji yakuda ya m'mphepete mwa nyanja ya kwawoko, Halichondria okadai. Kemikoloyi inkapha maselo a khansa ngakhale itathiridwa pang'ono zedi, ndipo bungwe la National Cancer Institute la ku America linachita nayo chidwi chachikulu. Vuto linali kapezekedwe kake. Makilogalamu 600 a siponji anatulutsa mamiligalamu 12.5 okha. Ofufuza a ku New Zealand atapeza kemikolo yomweyi mu siponji ina ya m'madzi akuya pafupi ndi Kaikoura, anavuula tani yathunthu n'kupezamo mamiligalamu pafupifupi 300. Zinali zoonekeratu kuti dziko likanati lidalire kukolola siponji zam'chilengedwe, siponjizo zikanatha odwala asanathandizidwe n'komwe.

Njira inatseguka mu 1992, pamene gulu la Yoshito Kishi ku yunivesite ya Harvard linakwanitsa kupanga halichondrin B mu labotale popanda siponji iliyonse. Poyesa zidutswa zimene zinkapangidwa m'kati mwa ntchitoyo, zinadziwika kuti mphamvu yopha khansa ili ku mbali imodzi ya molekyulu yaikuluyo. Kampani ya ku Japan ya Eisai inatenga mbali imeneyo, inaikonzanso kuti isamawonongeke msanga m'thupi, ndipo zotsatira zake ndi mankhwala a eribulin, amene amagulitsidwa ndi dzina lakuti Halaven. Ngakhale atafupikitsidwa chotere, kupanga kwake kumadutsa m'masitepe 62, ndipo amawerengedwa m'gulu la mankhwala ovuta kwambiri kupanga pa mankhwala onse opangidwa ku fakitale. Eribulin amagwira timachubu ting'onoting'ono ta m'selo timene timakoka DNA kupita ku mbali ziwiri selo likamagawikana. Anavomerezedwa mu 2010 pa khansa ya m'mawere imene yafalikira m'thupi, ndipo mu 2016 anavomerezedwanso pa khansa ina ya m'mafuta a m'thupi yotchedwa liposarcoma. Kuchokera pa kupezeka kwa kemikolo kufika pa wodwala woyamba kulemberedwa mankhwalawo panadutsa zaka 24.

Popeza inu ndinu wa zachipatala, ndi bwino ndinene mosabisa kukula kwa phindu lake. Pa kafukufuku wamkulu amene anachititsa kuti eribulin avomerezedwe, wokhudza amayi 762 amene anali atalandira kale mankhwala ena angapo, olandira eribulin anakhala ndi moyo miyezi 13.1 tikatenga wapakatikati, pamene olandira mankhwala ena anakhala miyezi 10.6. Miyezi iwiri ndi theka si yopepuka kwa mayi amene akufuna kuona mwana wake akulemba mayeso, koma sikuchira, ndipo wodwala ndi abale ake ayenera kuuzidwa zimenezi momveka bwino.

FUNSO: Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zingapo. Mnzanga wina anandiuza kuti mankhwala amenewa anachokera ku siponji ya m'nyanja. Kodi ndi zoona?
Bambo wina, Zomba

YANKHO: Bambo, zimene mnzanuyo ananena zimalembedwa kawirikawiri, koma zimakokomezedwa. Mankhwala oyamba a HIV, AZT kapena kuti zidovudine, anapangidwa mu labotale ndi Jerome Horwitz ku Detroit mu 1964 poyembekezera kuti athandiza pa khansa, koma sanathandize ndipo anangosungidwa. Mu 1985 zinadziwika kuti amalepheretsa kachilombo ka HIV kuchulukana, ndipo anavomerezedwa mu 1987. AZT sapezeka mu siponji iliyonse. Ubale umene ulipo ndi wa maganizo: AZT nayenso ndi kadutswa konamizira ka DNA kamene shuga wake anasinthidwa, ndipo zimene Bergmann anapeza mu siponji ya ku Caribbean zinali m'gulu la zinthu zimene zinalimbikitsa ofufuza kutsata njira imeneyo. M'piritsi limene anthu ambiri m'Malawi muno akumwa masiku ano muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Awiri oyambawo amagwira ntchito monamiza kachilombo mwa njira yofananayo, pamene dolutegravir amatsekereza kachilomboko kuti kasalowetse chibadwa chake mu DNA ya munthu. Onse atatu amapangidwa ku fakitale. Pitirizani kumwa monga mmene achipatala anakulangizirani.

FUNSO: Ndine msodzi, ndipo nthawi zina ndikamira ndimaona tinthu tomata pamiyala pansi pa nyanja timene si ndere. Kodi m'nyanja yathu ya Malawi muli siponji? Ngati zilimo, kodi nazonso zili ndi mankhwala?
Msodzi, Monkey Bay

YANKHO: Zilimo ndithu, Bambo. Siponji zambiri zimakhala m'madzi amchere, koma pali mitundu yoposa 200 imene imakhala m'nyanja ndi m'mitsinje ya madzi opanda mchere. Imodzi mwa izo inatchedwa dzina la nyanja yathu, Malawispongia echinoides, imene katswiri wa ku Belgium, Paul Brien, anaifotokoza mu 1972, ndipo banja lonse la siponji za m'nyanja zakale monga ya Tanganyika ndi ya Ohrid ku Ulaya linatchedwa Malawispongiidae potengera iyo. Siponji za m'madzi opanda mchere kawirikawiri zimakhala zazing'ono, zomata pamiyala kapena pamitengo yomira, ndipo zina zimaoneka zobiriwira chifukwa cha ndere zing'onozing'ono zimene zimakhala m'maselo ake.

Cytarabine, vidarabine ndi eribulin, mankhwala amene tatchula pamwambapa, onse chiyambi chake ndi siponji za m'madzi amchere. Chimene muyenera kudziwa pa za m'madzi athu ndi chakuti mafupa ake ndi timinga ting'onoting'ono tolimba ngati galasi, topangidwa ndi silica. Ku Russia anthu akhala akupera siponji zoterezi n'kupanga ufa wotchedwa badyaga umene amapaka pamalo povulala potupa, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu yake ndi yakuti timingato timabaya khungu n'kuchititsa kuti magazi ayende kwambiri pamalopo. M'madera a mtsinje wa Amazon ku Brazil timinga tomweti timadziwika kuti timayambitsa kuyabwa kwa khungu ndi kupweteka kwa maso kwa anthu osamba m'madzi mmene tachuluka. Choncho mukazigwira musatikite m'maso, ndipo ndi bwino kuzisiya pamiyala pomwepo, popeza zimathandiza kusefa madzi amene nsomba zanu zimakhalamo.

FUNSO: Kuno ku Joni kuli anthu amene akugulitsa ufa ndi makapisozi amene akuti ndi a siponji ya m'nyanja, ndipo akunena kuti amachiza khansa chifukwa ndi achilengedwe. Mchemwali wanga kumudzi ali ndi chotupa cha m'bere ndipo ndikufuna kumutumizira. Mungandilangize bwanji?
Mayi wina wochokera ku Ntcheu, Johannesburg

YANKHO: Pepani kwambiri ndi matenda a achemwali anu, Mayi. Malangizo anga ndi akuti musagule, ndipo ndalamazo zithandize pa ulendo wopita kuchipatala kuti chotupacho chikapimidwe msanga, chifukwa khansa ya m'mawere ikapezeka isanafalikire mwayi wochira umakhala waukulu.

Zifukwa zake zikuonekera m'zimene tafotokoza kale. Ngati makilogalamu 600 a siponji yoyenera anatulutsa mamiligalamu 12.5 okha a kemikolo yofunikayo, kapisozi wa ufa sangakhale ndi mlingo wothandiza, ngakhale titavomereza kuti ufawo ndi wa siponji yeniyeni ndiponso ya mtundu woyenera pa mitundu 9,000 ija. Koma chifukwa chachikulu ndi chakuti makemikolo amenewa siponji imawapanga kuti apweteke zamoyo zina. Ku Caribbean kuli siponji yotchedwa Tedania ignis imene imawotcha khungu la munthu amene wangoigwira, ndipo ina ya komweko, Neofibularia nolitangere, imatupitsa dzanja kwa masiku angapo. Ngakhale kemikolo itayeretsedwa bwino ndi akatswiri, ngozi siitha. Discodermolide, imene ofufuza a bungwe lofufuza za m'nyanja la Harbor Branch ku Florida anaipeza mu 1990 mu siponji ya m'madzi akuya a ku Bahamas, inkaoneka kuti idzaposa mankhwala ena otchuka a khansa. Kampani ya Novartis inalimbana nayo mpaka kupanga magalamu 60 mu labotale, ntchito imene akatswiri a makemikolo amaitamanda mpaka lero, koma itayesedwa pa odwala oyamba inawononga mapapo a ena mwa iwo ndipo kuyesako kunaimitsidwa. Ngati zotere zinachitika pamaso pa madokotala amene ankayeza mlingo ndi kupima wodwala tsiku ndi tsiku, ufa wa pamsika umene palibe amene anaupima sungakhale wodalirika.

Pali nkhani imodzi yakale imene ogulitsa otere angaitchule, ndipo ndi yoona. Zaka mazana ambiri zapitazo asing'anga a ku Salerno m'dziko la Italy ankapatsa odwala chithokomiro phulusa la siponji yowotcha, ndipo ena ankapezadi bwino. Chimene chinkathandiza chinadziwika pambuyo pake. Bernard Courtois anatulukira ayodini mu 1811 m'phulusa la zomera za m'nyanja, ndipo mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anaonetsa kuti ayodini yekha amachepetsa chithokomiro. Chinthu chothandizacho chitadziwika, zinatheka kuyeza mlingo wake ndi kusiya phulusa lija, ndipo lero ayodini yemweyo timamudya mu mchere wa m'paketi.

FUNSO: Ndikuphunzira za makemikolo ku yunivesite. Ndinawerenga kuti makemikolo ena amene amati ndi a siponji kwenikweni sapangidwa ndi siponjiyo. Kodi amapanga ndani? Komanso, kodi alipo amene angathandize pa malungo?
Wophunzira, Lilongwe

YANKHO: Mwawerenga zolondola, ndipo apa ndi pamene kafukufuku wa masiku ano walunjika. Siponji zambiri zimasunga mabakiteriya ochuluka m'thupi mwawo, moti mu mitundu ina tizilomboti timakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse. Ofufuza anayamba kukayikira ataona kuti makemikolo ena a siponji amafanana kwambiri ndi a mabakiteriya, ndiponso kuti kemikolo imodzi imapezeka mu siponji zosiyana mitundu za m'nyanja zotalikirana. Chitsanzo chakale ndi okadaic acid, amene anatchedwa dzina la siponji ya ku Japan ija, Halichondria okadai, chifukwa anapezeka mmenemo mu 1981. Pambuyo pake zinadziwika kuti amapangidwa ndi tizamoyo ta selo limodzi toyandama m'madzi, ndipo siponji imangomusonkhanitsa ikamasefa madziwo. Poizoni yemweyu ndi amene amatsegula m'mimba anthu odya nkhono zina za m'nyanja zimene zadya tizamoyoto.

Umboni wamphamvu unabwera mu 2014, pamene gulu la Jörn Piel wa ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland pamodzi ndi anzawo a ku Japan linaonetsa kuti makemikolo ambiri odziwika a mu siponji yotchedwa Theonella swinhoei amapangidwa ndi mtundu umodzi wa mabakiteriya, wotchedwa Entotheonella. Anachita zimenezi polekanitsa maselo n'kuwerenga majini a bakiteriyayo, ndiye kuti malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA yake, chifukwa mabakiteriya ambiri a mu siponji amakana kumera m'mbale za mu labotale. Kufunika kwake n'kwakukulu. Ngati majini opanga kemikolo akudziwika, pali chiyembekezo chowasamutsira mu bakiteriya wosavuta kuweta m'matanki, ndipo vuto lija lovuula matani a siponji kapena kudutsa m'masitepe 62 likhoza kuchepa.

Pa za malungo, dzina lodziwika ndi manzamine A, imene gulu la Tatsuo Higa linaipeza mu 1986 mu siponji ya ku Okinawa m'dziko la Japan. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2000 anaonetsa kuti jakisoni mmodzi anachepetsa kwambiri tizilombo ta malungo mu mbewa za mu labotale. Komabe mlingo wothandiza ndi mlingo wopweteka zinali zoyandikana, ndipo kemikoloyi sinafike pokhala mankhwala a anthu. M'mankhwala a LA amene timalandira m'zipatala zathu muli artemether, amene chiyambi chake ndi chomera cha kumtunda, Artemisia annua cha ku China.

FUNSO: Ngati siponji yatengedwa m'nyanja ya dziko la mu Africa, kampani ya kunja n'kupanga nayo mankhwala odula, kodi eni nyanjayo amapindulapo chiyani?
Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Tete

YANKHO: Funso lanu, Aphunzitsi, si longoganizira ayi, chifukwa gombe la kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa lapereka kale makemikolo amene anafika poyesedwa pa anthu. Mu 1994 gulu la Yoel Kashman linafotokoza kemikolo yotchedwa hemiasterlin kuchokera ku siponji ya ku Sodwana Bay, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a South Africa ndi Mozambique. Ofufuza a ku Canada anapezanso makemikolo a m'banja lomweli mu siponji ya ku Papua New Guinea, ndipo makampani a Wyeth ndi Eisai anapanga mankhwala otengera chitsanzo chimenechi n'kuwayesa pa odwala khansa. Kampani ya ku Spain ya PharmaMar nayo inayesa plocabulin, amene chiyambi chake ndi siponji ya m'madzi a ku Madagascar.

Kale panalibe lamulo lomveka, ndipo wofufuza ankatha kubwera, kutola zimene akufuna n'kubwerera kwawo. Pangano la mayiko losamalira zamoyo zosiyanasiyana limene linasainidwa ku Rio de Janeiro mu 1992 linavomereza kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa zamoyo za m'malire ake. Pangano la Nagoya la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, linawonjezera kuti wofufuza ayenera kupempha chilolezo asanatole chilichonse ndiponso agwirizane ndi eni dziko za kagawidwe ka phindu. Dziko la South Africa linaika mfundo zoterezi m'lamulo lake la 2004 la zamoyo zosiyanasiyana. Za madzi a pakati pa nyanja, amene si a dziko lililonse, zinalowa m'pangano lina limene bungwe la United Nations linavomereza mu 2023, ndipo limeneli likukhudzanso mayiko opanda gombe monga Malawi ndi Zambia.

Maganizo anga ndi akuti phindu la ndalama pa nkhani imeneyi limachedwa ndipo kawirikawiri silifika n'komwe, popeza makemikolo ambiri amagwa m'njira monga anachitira discodermolide. Phindu limene dziko lingaligwire m'manja ndi la maphunziro ndi zipangizo, ndiye kuti pangano labwino ndi limene limanena kuti gawo la ntchito yopima lichitikire m'dziko mwenimwenimo ndipo ophunzira a komweko aphunzitsidwe. Yunivesite ya Rhodes ku Makhanda yaonetsa kuti zimatheka: akatswiri ake akhala akufufuza siponji za m'gombe la kwawo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo makemikolo otchedwa tsitsikammamine, ochokera ku siponji ya ku Tsitsikamma, anafotokozedwa ndi iwo mu 1996.

Vuto latsopano likuchokera ku zimene tayankha wophunzira wa ku Lilongwe uja. Ngati chofunika si siponji yeniyeniyo koma majini a bakiteriya wa m'kati mwake, ndipo majiniwo akhoza kuwerengedwa kamodzi n'kuikidwa pa intaneti, kampani ikhoza kupanga mankhwala popanda kupondako ku gombe kumene siponjiyo inachokera, ndipo chilolezo cha pangano la Nagoya sichifunsidwa. Pa msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Cali m'dziko la Colombia mu 2024 anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama limene makampani akuluakulu opindula ndi majini otere akuyembekezeka kuponyamo kachigawo ka zimene amapeza, ndipo theka la ndalamazo, kapena kuposerapo, liyenera kupita kwa anthu a m'madera amene amasamalira zamoyozo. Makampaniwo sakakamizidwa ndi lamulo kuti aponyemo.